Bwanji a m'mayunivesite akukakamirabe ma domain akale?

Owerenga ena atilembera imelo kufunsa kuti: "Masiku ano kuli .university, .academy ndi .science. Nanga bwanji anthu ophunzira kwambiri akadali pa .edu ndi .ac.uk?"

Zikomo pofunsa. Domain ndi dzina la adiresi ya pa intaneti, ndipo .edu kapena .university ndi mathero a dzinalo. Sikuti anthuwa ndi otsalira ayi, nkhani yagona pa kudalirika. Dzina lothera ndi .edu silipezeka wamba. Kuyambira 2001, bungwe la Educause limalipereka kwa sukulu zaukachenjede zovomerezeka za ku America zokha, ndipo .ac.uk ya ku UK ili ndi malamulo ake pansi pa bungwe la Jisc. Koma .university, imodzi mwa ma domain oposa 1,200 amene anatuluka ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, italandira mafomu opempha mathero atsopano mu 2012, aliyense wokhala ndi khadi la kubanki atha kulembetsa lero lomwe, ngakhale alibe kalasi ndi imodzi yomwe. Mkonzi wa magazini ya kafukufuku akalandira imelo ya munthu wosamudziwa, amayamba wayang'ana kumapeto kwa adiresi.

Vuto lalikulu ndi nthawi. Adiresi ikasindikizidwa mu pepala la kafukufuku, yalowa basi, ndipo wina adzafuna kuitsegula pakatha zaka 20. Pomwe domain simugula, mumangochita lendi, yosapitirira zaka 10 pakamodzi. Mukaiwala kulipira n'kufufutidwa, mumakhala ndi masiku 30 oiwombola pamtengo wokwera, kenako masiku ena 5 imatsekedwa, ikatero aliyense atha kuitola. Owerenga pepala lanu n'kumakathera patsamba la juga. Komanso makampani oyendetsa ma domain atsopanowa ICANN sinawaikire malire a mtengo, ndiye lendi itha kukwera chaka chilichonse.

Palinso tina tokwiyitsa. Mafomu ena akale a pa intaneti amakana imelo ya mathero aatali, ati ndi yolakwika. Ma domain ena otsika mtengo anadzadza ndi akathyali, moti makompyuta osefa imelo amawakayikira onse. Ndipo eduroam (Wi-Fi yogawana ya mayunivesite) ndi malaibulale amamuzindikira munthu ndi adiresi ya yunivesite yake.

Ngati inuyo mukufuna dzina latsopano, litengeni, koma likhale chikwangwani chabe: ikani redirect ya 301, imene imapititsa aliyense wotsegula dzinalo kutsamba lanu la ku yunivesite. M'mapepala lembani DOI (nambala yokhazikika ya pepala) ndi nambala yanu ya ORCID (yokuzindikiritsani ngati wofufuza), chifukwa izi sizisintha mukasamuka ntchito. Lipiriranitu zaka zingapo, ndipo onetsetsani kuti imelo yolandirira zikumbutso za malipiro si ya pa domain yomweyo. Mukafuna kutumiziranso imelo pa dzinalo, yambani mwakonza SPF, DKIM ndi DMARC, zotsimikizira kuti imeloyo yachokeradi kwa inu, apo ayi makalata anu azingogwera mu spam, bokosi la makalata okayikitsa.