Chimbudzi chikada, nkhani ya zakudya idikire kaye

Mayi wina wa ku Dedza wanditumizira imelo. Akuti bambo awo ali ndi zilonda za m'mimba, ululu ukayamba amamwa mkaka ndi magnesium trisilicate (mankhwala oziziritsa asidi wa m'mimba), ndipo chifukwa cha mawondo amamwanso Brufen kapena Indocid tsiku ndi tsiku. Sabata ino chimbudzi chawo chada bii, n'chonata ngati phula, ndipo akaimirira akumva chizungulire. Akufunsa kuti awaletse zakudya ziti.

Mayi, atengereni bambowo kuchipatala lero lomwe. Chimbudzi choterocho ndi magazi amene achoka pachilonda n'kugayika m'matumbo, ndipo chizungulirecho chikusonyeza kuti atha ambiri. Mapilitsi owonjezera magazi nawonso amadetsa chimbudzi, koma sachinatitsa kapena kuchinunkhitsa chotero. Akayamba kusanza magazi, kutuluka thukuta lozizira kapena kukomoka, musadikirenso kuti kuche.

Kuchipatala akawayeza kuchuluka kwa magazi, akawaika diripi, ndipo akachepa kwambiri akawawonjezera. Akawapatsa omeprazole, amene amachepetsa asidi kuti magazi aundane pachilondapo. Kuzipatala zazikulu ngati Kamuzu Central ndi Queens kuli endoscopy, kachubu kokhala ndi kamera kolowera pakamwa. Dokotala amaona pamene pakukha, nthawi zina n'kutseka pompo. Kuonako n'kofunika kwathu kuno, chifukwa ena amasanza magazi kaamba ka likodzo limene lawononga chiwindi n'kutupitsa mitsempha ya kum'mero, ndipo chithandizo chake n'china.

Tsopano mapilitsi a mawondowo. Brufen, Indocid, diclofenac ndi aspirin amafooketsa chitetezo cha khoma la chifu, asidi n'kumadya mnofu. Amagulidwa pagolosale popanda wofunsa, okalamba n'kumameza awiriawiri m'mimba mulibe kanthu, ena kuphatikiza mitundu iwiri poganiza kuti ndi yosiyana. Ine ndikukayikira amenewa kuposa tsabola. Asiye lero, ululu ukavuta amwe Panado. Mukapita nawo, nyamulani timapepala tonse ta mankhwala, ngakhale tomwe ali m'thumba la jekete. Ngati aspirin anawapatsa ndi dokotala chifukwa cha mtima, mukanene, iyeyo ndiye agamule.

Gwero lina la zilonda za m'mimba ndi kachilombo ka Helicobacter pylori. Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Perth ku Australia anakatulukira mu 1982, anthu akukhulupirirabe kuti zilonda zimabwera ndi nkhawa, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Kakapezeka, mankhwala ake ndi omeprazole pamodzi ndi maantibayotiki awiri, monga amoxicillin ndi clarithromycin kapena metronidazole, kawirikawiri kwa masiku 14. Ambiri amasiyira panjira pamene ululu waleka, kachilomboko n'kutsala, chilonda n'kubwerera. Ngati mwa mankhwalawo muli metronidazole, mowa asaulawe n'komwe.

Za zakudya zija ndi zochepa. Mkaka umaziziritsa kwa kanthawi, kenako umachititsa chifu kutulutsa asidi wina, choncho supoletsa chilonda. Fodya asiye, kachasu asiye. Tsabola kapena tiyi wowawa ngati akuwapweteka achepetse, koma musawalande ndiwo zonse n'kuwasiya pa phala lokha: munthu amene wataya magazi akufunika nyemba, usipa, mazira ndi masamba monga bonongwe ndi chisoso.