Anazunza mlongo wanga, boma lawo likuti asalowerere wina: tikasume kuti?

Zikomo Mayi polemba. Mwati mlongo wanu anatsekeredwa m'chitokosi masabata atatu m'dziko lomwe amagwirako ntchito, ankamumenya kumapazi kuti avomere mlandu, ndipo mpaka lero akuyenda motsimphina. Akuluakulu a kumeneko akuti lamulo la nthawi ya chipwirikiti linkawalola, komanso dziko lawo ndi lodzilamulira lokha. Mukufunsa ngati akunena zoona, ndiponso ngati mungakasume ku The Hague, mzinda wa ku Netherlands komwe kuli makhoti a dziko lonse.

Akunama, ndipo apa palibe chokayikitsa. Malamulo ambiri a pakati pa mayiko amamanga boma lokhalo lomwe lavomera. Likakana kusaina pangano, palibe wolikakamiza. Koma alipo malamulo ochepa omwe boma silingawakane kapena kuwasintha, ngakhale mayiko awiri atapangana kuwathyola. Ife maloya timawatchula m'Chilatini kuti jus cogens. Ndime 53 ya pangano la ku Vienna la mu 1969 imati pangano lililonse lotsutsana ndi lamulo lotere n'lachabe kuchokera tsiku lomwe analipanga. Mu 2022 akatswiri a bungwe la United Nations la International Law Commission anatchula ena mwa malamulowa: oletsa kuputa dziko lina ndi nkhondo, kupululutsa mtundu wa anthu, ukapolo, tsankho ngati la apartheid, ndi kuzunza munthu. Pangano loletsa kuzunza la mu 1984 linatsekeratu pothawira: ndime 2 imati nkhondo, chipwirikiti, ngakhale mawu oti "ndinatumidwa ndi bwana" si chifukwa.

Funso lachiwirilo ndiye lowawa. Kukhala ndi ufulu n'kwina, kupeza khoti lomva dandaulo lako n'kwinanso. Khoti la ku The Hague la International Court of Justice limamva milandu ya boma ndi boma basi; munthu wamba sangasumeko. Ngakhale boma limene, silingakokere linzake kumeneko ngati linzakelo silinavomereko mphamvu za khotilo. Mu 2006, pa mlandu womwe Democratic Republic of Congo inasumira Rwanda, oweruza anavomereza kuti lamulo loletsa kupululutsa mtundu ndi jus cogens, koma anati zimenezo pazokha siziwapatsa mphamvu yomva mlanduwo. Mu 2012 anagamulanso kuti makhoti a ku Italy analakwa polola anthu omwe asilikali a Germany anawachita nkhanza pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kusumira boma la Germany, poti boma silizengedwa mlandu m'khoti la dziko lina. Chigamulo chimenechi ine chimandiwawa mpaka pano, koma loya wokubisirani zimenezi akungofuna ndalama zanu. Khoti linalo la ku The Hague, la International Criminal Court (ICC), limazenga anthu pa milandu ikuluikulu yokhudza khamu, ndipo wotsegula mlandu ndi woimira milandu wa khotilo, osati wodandaula.

Nanga malamulowa ali ndi mano? Ali nawo, kungoti amaluma mochedwa. Hissène Habré analamulira Chad kuyambira 1982 mpaka 1990, n'kuthawira ku Senegal akuganiza kuti wapulumuka. Mu 2012 khoti lija la International Court of Justice, pa mlandu womwe Belgium inasumira Senegal, linati kuletsa kuzunza ndi jus cogens, ndipo Senegal imuzenge mlandu kapena imupereke. Mu 2016 anamugamula ku Dakar kuti akhale m'ndende moyo wake wonse. Taonani bwino: Belgium inaloledwa kusuma chifukwa chongokhala m'pangano loletsa kuzunza lija, popeza udindowu dziko lililonse lili nawo kwa mayiko onse anzake. Taonaninso kuti boma limatetezeka, koma munthu amene anagwira chikwapu akhoza kuzengedwa kulikonse komwe wapezeka, ngati dzikolo lili m'pangano la 1984.

Njira yanu iyambire ku makhoti a dziko lomwe zinachitikira. Perekani dandaulo lolemba kuti afufuze, ndipo musume kuti mlongo wanu apatsidwe chipukuta misozi. Ndime 14 ya panganolo imamupatsa ufulu umenewu. Mungaone ngati n'kutaya nthawi, koma mabungwe a kunja salandira dandaulo musanayese njira za m'dzikomo, pokhapokha mutasonyeza kuti njirazo n'zotsekeka kapena akungozengereza dala. Zikakanika, komiti ya United Nations yoona za kuzunza ku Geneva imamva anthu wamba, koma ngati dzikolo linavomera ndime 22. Ngati ndi dziko la mu Africa, palinso bungwe la African Commission la ku Banjul. Mundiuze dzina la dzikolo kuti ndione mapangano omwe linalowamo. Ngati mlongo wanu anathawako, ndime 3 imaletsa dziko lomwe wafikira kumubweza komwe angakazunzidwenso.

Chofulumira n'chimodzi. Zipsera za kumapazi zimapola msanga, ululu n'kutsala m'kati mosaoneka. Sabata ino apite kwa dokotala, makamaka wodziwa kulemba motsata Istanbul Protocol (ndondomeko ya United Nations yolembera umboni wa kuzunzidwa), amupime, ajambule zithunzi zokhala ndi deti. Iyenso alembe zonse akuzikumbukira: tsiku lomwe anamugwira, chipinda chomwe anamuika, chida chomwe ankamumenyera, ndi amene anali nawo m'chitokosimo. Mapepalawo musunge malo awiri osiyana.