Mafunso ndi Mayankho: Ntchito ya mkonzi m'nyumba zosungiramo zinthu zakale

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wa Chinyanja ndi mbiri yakale pasukulu ina ya sekondale kuno ku Chipata, ndipo anzanga amakonda kundipatsa zolemba zawo kuti ndiwakonzere. Ndamva kuti nyumba zosungiramo zinthu zakale nazonso zimafuna akonzi. Kodi mkonzi amagwira ntchito yanji kumalo kumene kwadzaza mikondo, miphika ndi zithunzi? Nanga munthu ngati ine angayambire pati? Mayi wa ku Kapata, Chipata.

YANKHO: Zikomo amayi chifukwa cha funso lanu. Mukalowa mu Livingstone Museum, yomwe inakhazikitsidwa mu 1934 ndipo ndi yakale kuposa zonse m'dziko muno, kapena mu Lusaka National Museum, yomwe inatsegulidwa mu 1996, mudzaona kuti pambali pa chinthu chilichonse pali kachikwangwani ka mizere itatu kapena inayi kofotokoza za chinthucho. Palinso zikwangwani zikuluzikulu za pakhoma, timabuku ta alendo ndi ta ana a sukulu, komanso mabuku a mndandanda wa zinthu zonse zimene nyumbayo ikusunga. Mawu amenewa amalembedwa ndi akatswiri oyang'anira zinthuzo, koma asanasindikizidwe amayenera kudutsa m'manja mwa munthu wina woti awapete monga mmene mayi amapetera mphale palichero, ndipo munthu ameneyo ndiye mkonzi.

Kukonza kalembedwe ka mawu ndi gawo laling'ono chabe la ntchitoyi. Gawo lalikulu, limene ine ndimaliona kuti ndilo mtima wa ntchito yonse, ndi kutsimikizira kuti zimene zalembedwa pakachikwangwani zili ndi umboni. Tiyerekeze kuti katswiri wakubweretserani mawu akuti, "Chishango cha msilikali wa Mpezeni, cha pankhondo ya 1898." Mawuwa ndi omveka bwino ndipo alibe cholakwika m'kalembedwe, koma mkonzi weniweni amatembenuza chishangocho, n'kuwerenga nambala imene yalembedwa kuseri kwake, kenako n'kukatsegula kaundula wa zinthu zolandiridwa kuti aone zimene zinalembedwa tsiku limene chinafika. Akapeza kuti kaundulayo akungonena kuti chinaperekedwa ndi banja la mlimi wina wa ku Fort Jameson (Chipata wa lero), popanda chaka chimene chinapangidwa kapena dzina la mwini wake, ndiye kuti mawu onena za nkhondo aja ayenera kuchotsedwa, ngakhale kuti ndiwo akanakopa alendo. Mwana wa sukulu akawerenga kachikwangwani amakhulupirira zonse, amakazilemba pamayeso, ndipo akadzakula amadzaziphunzitsa ana ena.

Chinthu china chofunika ndi kudziwa kuti amene akulankhula m'zolemba zakalezo ndi ndani. Ku National Archives of Zambia ku Lusaka kuli mabuku amene akuluakulu a boma la atsamunda ankalembamo za maboma awo, ndipo ndi chuma chachikulu kwa aliyense wofufuza mbiri ya Chigawo cha Kum'mawa. Komabe anthu amenewo ankalemba mogwirizana ndi mmene iwo ankaonera zinthu. Nkhondo imene inathera ndi kuwomberedwa kwa Nsingo, mwana wa Mpezeni mfumu ya Angoni, mu 1898, wolemba wa boma la nthawi imeneyo akanaitcha kukhazikitsa bata, pamene kwa Angoni kunali kuteteza dziko lawo ndi ng'ombe zawo. Mkonzi sayenera kukopera mawu a atsamunda ngati kuti ndi a nyumba yosungiramo zinthu zakaleyo, komanso sayenera kukometsera nkhani kuti asangalatse anthu a lero. Amalemba zimene zinachitika, ndipo pamene wagwira mawu a munthu amatchula mwini mawuwo ndi chaka chake.

Musaganize kuti umboni ndi wa papepala pokha. Akuluakulu a Angoni ankasimba kuti tsiku limene mfumu yawo Zwangendaba ndi anthu ake anawoloka mtsinje wa Zambezi dzuwa linada masana, ndipo akatswiri atawerengera za kadamsana anapeza kuti zimenezi zinachitikadi mu November 1835. Apa nkhani ya pakamwa ndi sayansi zinagwirizana, ndipo mkonzi wabwino amaonetsa zonse ziwiri kuti mlendo adziwe kumene chakacho chinachokera. Mayina a malo nawonso amafuna maso. Chithunzi cha tauni yathu chojambulidwa mu 1905 ndi cha Fort Jameson, likulu la North-Eastern Rhodesia, chifukwa dziko la Northern Rhodesia linapangidwa mu 1911 ndipo dzina lakuti Chipata linabwera titalandira kale ufulu, choncho pakachikwangwani pamalembedwa dzina lakale, la lero n'kutsatira. Ngati mawu akulembedwanso m'chinenero chathu, muyenera kusankha pachiyambi pomwe ngati mutsatira kalembedwe ka m'masukulu a ku Zambia, kogwiritsa ntchito "c", kapena ka ku Malawi, kogwiritsa ntchito "ch", ndipo chionetsero chonse chitsatire njira imodzi.

Ponena za poyambira, ndikuuzeni mosabisa kuti malo a ntchito otchedwa a mkonzi salengezedwa kawirikawiri. Nthawi zambiri ntchitoyi imagwiridwa ndi oyang'anira zinthuzo, ndi ogwira ntchito za maphunziro m'nyumbazo, kapena ndi munthu wolembedwa kwa kanthawi pamene chionetsero chatsopano chikukonzedwa. Muzitsatira zolengeza za National Museums Board, yomwe imayang'aniranso Moto Moto Museum ku Mbala ndi Copperbelt Museum ku Ndola, komanso za National Heritage Conservation Commission, yomwe imasamala malo a mbiri yakale. Maphunziro a mbiri kapena a kasungidwe ka mabuku ndi zolemba ku University of Zambia angakuthandizeni. Koma musadikire ntchito ya ku Lusaka. Mipingo imene inayamba kale kuno, monga mishoni ya Magwero ya mu 1899, ili ndi mbiri yofunika kuikonza bwino, ndipo timabuku ta mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni timafuna munthu wotsimikizira mayina ndi zaka. Mukakonza ziwiri kapena zitatu zotere mosamala, mudzakhala ndi choonetsa tsiku limene mwayi udzapezeke.

FUNSO: Ndapemphedwa kukonza mawu a chionetsero chaching'ono cha zithunzi za mwambo wa Kulamba. Wolemba wake ndi mlendo wophunzira kwambiri, koma pansi pa zithunzi za Gule Wamkulu wafotokoza zinthu zina za kudambwe zimene ine ndikudziwa kuti sizinenedwa pagulu. Iye akuti ndi zoona ndipo zinalembedwa kale m'mabuku ena. Kodi mkonzi ali ndi mphamvu yozichotsa? Bambo wa ku Katete.

YANKHO: Bambo, mwachita bwino kuima kaye musanapereke mawuwo kwa osindikiza. Mlendoyo akhoza kukhala kuti akunena zoona, koma chionetsero chimasiyana ndi buku la akatswiri limene lili pashelefu ya laibulale. Pakhomapo adzawerenga ana, amayi ndi anthu osalowa, mwinanso pamaso pa eni mwambo amene angakhale ataima pomwepo. Bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse mu 2005, ndipo mu 2008 linamulemba pamndandanda wake m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma ulemu umenewo sunachotse umwini wa mwambowu m'manja mwa Achewa ndi mafumu awo, amene chaka ndi chaka amasonkhana ku Mkaika pamwambo wa Kulamba kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi.

Mkonzi safufuta mawu a mnzake mwakachetechete. Khalani naye pansi wolembayo, mumuonetse ziganizo zimene zikukuvutani, ndipo mupemphe okonza chionetserocho kuti mawu onse okhudza gule akawerengedwe kwa mafumu ndi akuluakulu a mwambo asanapachikidwe. Zimene iwo akana zichoke. Mlendo wodzaona chionetsero sadzasowa chowerenga, pakuti pali zambiri zololedwa kunena: dzina la chilombo, mudzi umene chachokera, khalidwe limene chimadzudzula kapena kuphunzitsa, ndiponso nthawi imene chimatuluka, monga pamaliro, pachinamwali ndi polonga mfumu. Njira yomweyi ndiyo yoyenera polemba za zojambula zoyera za m'mapanga a m'chigawo chathu, monga ku Thandwe, chifukwa zina mwa izo zimakhudza miyambo imene eni ake adakali moyo. Ngati okonzawo akana kukafunsa, muli ndi ufulu wopempha kuti dzina lanu lisaikidwe pantchitoyo.

FUNSO: Agogo anga amuna anasiya makalata amene ankalemba ali kuntchito ku Salisbury, ndi zithunzi zingapo. Ndikufuna kuwalemba pakompyuta kuti ndikapereke kumalo osungira zakale. Kodi ndikonze Chinyanja chawo, popeza kalembedwe kake ndi kachikale? Mdzukulu wa ku Chadiza.

YANKHO: Ayi, musakonze ngakhale chilembo chimodzi. Lembani ndendende mmene agogo analembera, pamodzi ndi zolakwika zawo, pakuti kalembedwe kameneko kamathandiza wofufuza kudziwa nthawi ya kalatayo ndi sukulu imene wolembayo anaphunzira. Pamene simukutha kuwerenga siyani mpata ndipo mulembe kuti mawuwo sakuoneka, osaikapo a m'mutu mwanu. Ngati pali zofunika kumasulira, monga kuti Salisbury ndi Harare wa lero, zilembeni padera pansi pa kalatayo. Makalata enieniwo musawamate ndi selotepi kapena kuwakutira m'pulasitiki yotenthetsa, koma muwasunge osapinda m'mafayilo a pepala, pamalo ouma ndi opanda chiswe. Zithunzizo zitengereni kwa azakhali anu kapena achikulire ena a pamudzi adakalipo, akuuzeni mayina a anthu amene ali pamenepo, malo ndi chaka, ndipo mulembe zimenezo mopepuka ndi pensulo kuseri kwa chithunzi chilichonse, pamodzi ndi dzina la amene wakuuzani. Musanapereke chilichonse, gwirizanani ndi abale anu, chifukwa m'makalata a banja mumakhala nkhani za anthu amene ana awo alipo, ndipo pepala limene mudzasaine popereka linene momveka ngati mwapereka kwamuyaya kapena mwangobwereketsa.