Mwana wapezeka ndi foni yakuba, chotsatira n'chiyani?

Mayi, mwafunsa za mwana wanu wazaka 14 amene wagwidwa ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg, atapezeka ndi foni yakuba, ndipo mukudabwa chamulowa n'chiyani pomwe pakhomo sasowa chakudya. Pepani kwambiri.

Pansi pa Child Justice Act ya 2008, lamulo la ku South Africa lokhudza milandu ya ana, mwana saweruzidwa ngati wamkulu. Probation officer, yemwe ndi wogwira ntchito yoona za chisamaliro cha anthu, amamuunika kaye, kenako amakaonekera kwa majisitireti pa preliminary inquiry, kafukufuku woyambirira wa mlanduwo, pasanathe maola 48 chimangidwireni. Inuyo mukakhalepo. Akavomera kulakwa mosakakamizidwa, mlandu ukhoza kupatutsidwa, zomwe amati diversion: amalandira uphungu kapena kugwira ntchito zothandiza anthu, ndipo akamaliza sakhala ndi mbiri yopezeka wolakwa kukhoti. Pamene ambiri amaphonya ndi apa: mwana amajomba kupologalamuyo, mlandu n'kubwerera kukhoti. Ngati ndalama za loya palibe, pemphani wa Legal Aid South Africa, bungwe lopereka maloya kwa osakwanitsa kulipira.

Za chamulowacho, njala si chifukwa chokha. Katswiri wa maphunziro a zaupandu Edwin Sutherland anafotokoza kuti upandu umaphunziridwa kwa anzako apamtima, njira zake pamodzi ndi zifukwa zodzikhululukira. Katswiri wina, Travis Hirschi, mu 1969 anati chimaletsa mwana kulakwa ndi kumamatirana kwake ndi makolo ndi sukulu. Kuno ku Joni mfundo iyi ndiyo yolemera, chifukwa makolo amachoka m'bandakucha n'kubwerako usiku, agogo ndi amalume omuyang'anira masana ali kumudzi. Fufuzani amene amacheza nawo akaweruka kusukulu, mufunsenso aphunzitsi ngati amajomba. Chonde musamamutchule mbava pagulu, mwana amayamba kudziona momwe akuluakulu akumutchulira.