Funsani Azakhali: Aneba anga ku South Bend akundikokera ku kampeni, ndipite?

Azakhali, moni kuchokera kuno ku South Bend, Indiana. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ndili ndi green card, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ndipo mashifiti anga ambiri ndi ausiku. Aneba anga ndi mayi wachizungu amene anapuma pa uphunzitsi, munthu wabwino zedi moti nthawi yozizira amandikumbira chipale pakhomo ine ndili kuntchito. Iwowo amadzitchula okha kuti ndi liberal, ndiye chiyambire nyengo ya chisankho ino pabwalo pawo pangodzaza tizikwangwani, Loweruka lililonse anzawo amabwera kudzalemba mapositikadi, ndipo tsopano akuti ndizipita nawo ku Michigan kukagogoda zitseko za anthu, akutinso nditenge ndi msuweni wanga amene ali pa viza ya sukulu. Kukana ndikuchita manyazi koma mtima uli phaphapha. Kodi liberal yo kwenikweni ndi chani, nanga sindilowa nazo m'madzi pa nkhani ya mapepala? Ndine mwana wanu wa ku Ntcheu.

Mwanawe, mwachita bwino kufunsa musanakwere galimotoyo. Ndiyambe ndi chimene chandidetsa nkhawa kwambiri, zinazo zibwera.

Green card si unzika. Munthu amene si nzika ya America saloledwa kuvota pa chisankho cha pulezidenti kapena cha Congress (nyumba ya malamulo ya dzikolo), lamulo lake ndi la 1996, ndipo wovota mozemba atha kumangidwa mpaka chaka komanso kupitikitsidwa m'dzikomo. Kulembetsa kokha mu kaundula wa ovota ndi vuto kale, chifukwa fomuyo imafunsa ngati ndinu nzika ndipo mukachonga kuti eya ndiye kuti mwanama ku boma, bodza limeneli a imigireshoni salikhululuka msanga. Tsiku limene mudzafunsire unzika, fomu yake ya N-400 idzakufunsani ngati munalembetsapo kapena kuvotapo. Ndiye kaya ndi ku BMV kumene mumatengera layisensi, kaya ndi pa thebulo la anthu odzipereka kunja kwa sitolo kapena pa tchalitchi, wina akakupatsani fomu akumwetulira, yankho ndi limodzi basi, sindine nzika. Musachite manyazi, ambiri mwa anthu amenewa ali ndi mtima wabwino koma malamulo a alendo sawadziwa bwino, iwo anabadwira momwemo.

Koma kuthandiza nawo kampeni mwaulere, kugogoda zitseko, kuimba foni, kulemba mapositikadi, izi lamulo silikukuletsani. Inu a green card ngakhale kusonkha ndalama ku kampeni ndinu ololedwa. Msuweni wanuyo ndiye nkhani ina. Wa viza ya sukulu saloledwa kupereka ngakhale dola imodzi, ndipo apa anthu amagwa nazo osadziwa chifukwa kugula tisheti kapena kapu pa webusayiti ya kandideti kumawerengedwa ngati kusonkha. Kudzipereka kopanda malipiro bungwe la FEC, loyang'anira za ndalama za kampeni, limalola ngakhale kwa alendo, bola asakhale nawo popanga ziganizo za kampeniyo, koma ine ndinene mmene ndikuonera, mu 2025 boma la America linalanda maviza a ophunzira ambiri ochokera kunja ndipo ena mwa iwo nkhani yake inakhudza ziwonetsero za ndale. Mwanayo anabwerera sukulu, makolo ake mwina anagulitsa ng'ombe kuti afike kumeneko. Akhale pakhomo aziwerenga, ngati mtima ukumukoka kwambiri ayambe wafunsa ku ofesi yoona za ophunzira akunja pa sukulu yake.

Tsono za liberal. Ku America mawuwa amanena munthu amene amafuna kuti boma lizigwira dzanja anthu ovutika, monga pa inshuwalansi ya chipatala ija ya 2010 imene amaitcha Obamacare, kuti olemera azikhoma msonkho wokulirapo, mfuti zisamagulidwe ngati tomato pamsika, alendo azilandiridwa, komanso za kusintha kwa nyengo zizitengedwa mozama. Ambiri amavotera chipani cha Democratic, mtundu wake wa buluu, anzawo a Republican ndi ofiira. Palinso nkhani ziwiri zimene mwina inu ngati munakulira mu Mvano kapena mu Limana simugwirizana nawo, ufulu wochotsa pakati ndi maukwati a amuna kapena akazi okhaokha amene khoti lalikulu linaloleza mu 2015. Ya kuchotsa pakatiyo ndi yotentha kwambiri kwanuko chifukwa khoti lomwelo litagwetsa chigamulo cha Roe, chimene chinkateteza ufulu wochotsa pakatiwo, mu Juni 2022, Indiana inathamangira kukhazikitsa lamulo loletsa pafupifupi zonse, pamene anthu a ku Michigan mu Novembala chaka chomwecho anavota kuti ufuluwo ulembedwe mu malamulo aakulu a steti yawo. Malire ali pamphuno pomwepo, Niles kuchokera ku South Bend sipakwana ola theka pagalimoto, koma malamulo ndi osiyana ngati usana ndi usiku. Ndanena izi kuti musanagogode chitseko cha munthu mudziwe chimene mukukanena, afunseni anebawo kuti kandideti wawo ndi ndani ndipo amaimira chani, mukaona kuti chikumbumtima chanu sichikulola muwauze poyera.

Chifukwa chimene akupitira ku Michigan osati kungozungulira m'dera lanu nchakuti Indiana ndi yofiira. Barack Obama anaipambana mu 2008 koma isanafike nthawi imeneyo wa Democratic womaliza anali Lyndon Johnson mu 1964, ndipo chichokereni 2008 sinabwererenso. South Bend yokha ili ngati kachilumba, ndi kumene Pete Buttigieg anali meya kuyambira 2012 mpaka 2020 asanakhale nduna ya zamtengatenga mu boma la Joe Biden. Michigan ndiye imapendekera uku ndi uku, Donald Trump anaitenga mu 2016 ndi mavoti osakwana 11,000, Biden anailanda mu 2020, Trump nkuitenganso mu 2024. Pa chisankho cha pa 3 Novembala 2026 pulezidenti sakuvoteredwa, koma mipando yonse 435 ya House, imodzi mwa nyumba ziwiri za Congress, ikupikisanidwa, ndipo Michigan ikusankha gavanala watsopano ndi senetala pamene Indiana mpando wa Senate, nyumba inayo, ulibe chaka chimenechi. Ndiye kwa anebawo mafuta a galimoto amapindula akawolokera uko.

Ine chimene chimandikhudza pa anthu amenewa ndi ichi, kampeni yawo ilibe nsalu, ilibe magule, palibe lole yotuta anthu kapena kaenvelopu pomaliza. Ndi agogo opuma pa ntchito atakhala pa thebulo la kukhitchini ndi khofi, masitampa agula ndi ndalama zawo, akulembera munthu amene sadzamuona nkomwe kuti chonde musaiwale kukavota. Ena amatenga okalamba pagalimoto kupita nawo kovotera, chifukwa ku Indiana malo ovotera amatsegula 6 koloko mmawa nkutseka 6 koloko madzulo, tsiku lake Lachiwiri anthu ali pa ntchito, ndipo popanda chiphaso cha chithunzi ndi zovuta. Akavota amamata kasitika pamalaya kosonyeza kuti avota. Ndipo nkhawa amakhala nayo yeniyeni, ena tulo sagona poyang'ana manambala a kafukufuku pa foni, ena mpaka amasiya kuyankhulana ndi achimwene awo moti chakudya cha Thanksgiving kumapeto kwa Novembala chimadyedwa mwakachetechete. Mukawaona anebawo nkhope yagwa, kaphikeni mandasi mukawachezere, ichi sichifuna mapepala.

Mukafuna kungoona ndale za kwanuko osalowamo, dikirani Lolemba la pambuyo pa Pasaka, tsiku limene amalitcha Dyngus Day. Ndi mwambo umene anabwera nawo anthu ochokera ku Poland, ndipo ku South Bend ndi tsiku limene andale amayambira kampeni, anthu amadzaza ku West Side Democratic Club kudya soseji ndi kumva zolankhula. Robert Kennedy anafikako mu 1968. Pitani mukadye, muzingokumbukira za fomu ija.

Azakhali, ine ndimatsatira ndale za America pa wailesi, koma chimandizunguza nchakuti munthu angapeze bwanji mavoti ambiri nkuluza. Kuno kwathu tinagwirizana za 50+1. Ndine bambo wa ku Area 25, Lilongwe.

Bambo, kumeneko pulezidenti sasankhidwa ndi chiwerengero cha dziko lonse ayi. Steti iliyonse ili ndi mavoti ake mu chimene amati Electoral College, onse pamodzi alipo 538 ndipo wopambana amafunika 270. Indiana ili ndi 11, Michigan 15, California 54. Kupatula Maine ndi Nebraska, amene watsogola mu steti ngakhale ndi voti imodzi amakokolola onse a steti imeneyo. Nchifukwa chake mu 2016 Hillary Clinton anaposa Trump ndi mavoti pafupifupi 3 miliyoni koma nkuluza, ndipo Al Gore zinamuchitikiranso mu 2000. Ma liberal ambiri amakhala mothithikana m'mizinda ikuluikulu ngati Los Angeles ndi New York, ndiye mavoti awo owonjezera amangounjikana pamene apambana kale, bala limeneli amalidandaula mpaka lero. Mu 2024 zinali zina, Trump anapambana mbali zonse ziwiri, 312 kwa 226 a Kamala Harris komanso chiwerengero cha dziko lonse.