Yankho kwa a Malume pa za Mamdani

Eee a Malume mwaswera bwanji kumeneko, pepani ndachedwa kuyankha, ndinali pa shifiti ya usiku ndiye ndangodzuka kumene. Funso lanu lija ndalimva pa gulupu, loti mnyamata wa ku Uganda amene wakhala meya wa New York uyu anachokera kuti, kaya anakhalapo phungu kapena wangotulukira poti kwawo kuli ndalama. Ndati ndingolankhula basi, kulemba kundichedwetsa.

Dzina lake lonse ndi Zohran Kwame Mamdani, Kwame wakeyo ndi wa Nkrumah wa ku Ghana uja. Anabadwira ku Kampala mu 1991, makolo ake ndi amwenye, bambo ake pulofesa, mayi ake amapanga mafilimu. Anakhalako pang'ono ku Cape Town ali mwana, kenako ali ndi zaka 7 banja linasamukira kuno ku New York. Sindikunamizani, si mwana wa m'banja losauka ayi, sukulu anaphunzira zabwino, koleji anamaliza mu 2014 ku Bowdoin. Unzika wa America anaupeza mu 2018.

Uphungu anakhalapo, koma osati wa ku Washington. Kuno state iliyonse ili ndi nyumba yake ya malamulo, yathu ili ku Albany, ndipo mbali yomwe amati Assembly ili ndi aphungu 150 osankhidwa zaka ziwiri zilizonse. Amenewa ndi amene amakonza malamulo a lendi, ndalama za mabasi ndi masitima, zinthu zotikhudza ifeyo tsiku ndi tsiku, koma anthu ambiri phungu wawo wa kumeneko samudziwa n'komwe dzina. Iyeyu anaimira District 36, ku Astoria konkuno komwe ndimakhala ine.

Asanaime ankagwira ntchito yothandiza anthu a ku Queens, chigawo cha mzinda wa New York momwe muli Astoria, amene banki ikufuna kuwalanda nyumba chifukwa cholephera kubweza ngongole, ndiye nkhani yake pa kampeni inali ya nyumba yomweyo, lendi, anthu kutulutsidwa. Amene ankalimbana naye anali mayi Aravella Simotas, anali pampandopo kuyambira 2011, ndi wa mtundu wa Agiriki ndipo Astoria Agiriki ndi ambiri zedi, ndiye anthu ankati mnyamatayu akungotaya nthawi. Onse a chipani cha Democrat, ndipo dera lathu lino ukawina ma primary a Democrat basi wawina kale, chisankho chenicheni ndi chimenecho.

Chimene ndinaona ndi maso anga a Malume ndi ichi. Chakumayambiriro kwa 2020, kunja kukuzizira koopsa, madzulo ndamva kugogoda, kutsegula ndapeza kamtsikana ka kampeni ya Mamdani kavala chijasi chachikulu, nsapato zonyowa, kakwera masitepe mpaka pa nsanjika yachitatu poti nyumba yathu ilibe lifiti, kakupuma wefuwefu. Ndinakauza kuti mwanawe ine sindivota, nthawi imeneyo ndinali ndi green card yokha, chiphaso chongokhalira kuno osati unzika, koma sikanachoke. Kanandifunsa ngati hita ikugwira ntchito, ngati landilodi wakweza lendi, ndipo zinalidi choncho, hita inali itafa sabata yathunthu ine ndikugona ndi majuzi awiri. Kanalemba zonse, n'kundiuza nambala yoimbira kukadandaula. Sikanandipatse chitenje kapena ndalama, kapepala kokha, koma mpaka lero ndimakakumbukira chifukwa chibwerereni kuno panalibe wa ndale anandifunsapo za m'nyumba mwanga.

Kenako covid inabwera mu Malichi, Queens inavutika kwambiri, ma ambulansi usiku wonse, zogogoda zija zinatha anangoyamba kuimba mafoni.

Nde tamverani, tsiku lovota linali 23 Juni 2020, tsiku lomwelo limene inu munali pamzere kumeneko kuvota chisankho chobwereza cha pulezidenti chija. Inu pofika pa 27 munali mutamva kale kuti a Chakwera awina, ife kuno tinadikira pafupifupi mwezi, chifukwa anthu ambiri anavota potumiza pa positi kuopa matenda, ndiye ankawerenga ma envelopu imodzi imodzi. Pomaliza anapambana ndi mavoti 400 ndi kanthu basi. Mavoti amenewo ndi anthu a m'nyumba zochepa chabe za mu msewu wathu uno, ine ndimakhulupirira kuti achinyamata okwera masitepe aja ndi amene anawapeza. Mu Novembala analibe wopikisana naye, Januwale 2021 anayamba ntchito ku Albany.

Chaka chomwecho anakhala masiku 15 osadya limodzi ndi madalaivala a ma taxi achikasu aja amene ngongole za ziphaso zawo zinawafika m'khosi, mpaka mzinda unavomera kuti ngongolezo zichepetsedwe. Neba wanga wa pansi ndi dalaivala wa taxi, ndinamuona akulira tsiku limenelo.

Ndiye umeya wa mu Novembala 2025 uwu waupeza atakhala phungu pafupifupi zaka zisanu. Ngati akwanitse zonse analonjeza tiona, ndizikuuzani. Ine pano ndimavota, ndipo ma primary sindiphonya. Mupereke moni kwa azakhali, muwauze mankhwala a miyendo aja ndagula, ndingodikira wobwera kumudzi.