Ana a nkhukundembo akutha, anapiye ali gwa

Funso: Zikomo alangizi. Ndili kwa Mponda kuno ku Mangochi. Thadzi langa ndinaliikira mazira 6 a nkhukundembo, patatha masiku 28 linaswa 5. Anawo ndinawaphatikiza ndi anapiye khola limodzi, onse amadya madeya. Akwanitsa masabata 6 koma atsala awiri, angoti zyolii mapiko pansi, zitosi zachikasu. Anapiye ali gwa. Kodi ndi chitopa? Ndine mayi wa ana atatu.

Yankho: Mayi, chikanakhala chitopa anapiyewo sakanatsala. Zitosi zachikasuzo zikuloza matenda a blackhead, amene amaononga chiwindi. Nkhuku zimayenda nawo osadwala kwenikweni, koma zimawamwaza kudzera m'mazira a njoka zam'mimba otuluka ndi zitosi, ndipo mazirawo amakhala m'dothi zaka. Nkhukundembo ikatola mazira a njokawo, basi yadwala. Awiriwo asamutseni lero, apite pamalo ouma pomwe nkhuku sizipondapo, ndipo mlangizi wa ziweto wakwanuko awaone.

Madeya okha ndiye njala yeniyeni. Mwana wa nkhukundembo amafuna mapulotini (zomanga thupi) okwana 28 pa 100 alionse m'chakudya, kuposa mwanapiye. Inu muli kunyanja, mudandaulanji? Sinjani bonya wouma wopanda mchere, gawo limodzi pa magawo awiri a madeya. Ine anga ndimawafukulira chiswe m'mawa, amachita kulimbirana.

Katemera wa chitopa wa I-2 musamusiye: dontho limodzi m'diso, miyezi 4 iliyonse, nkhuku ndi nkhukundembo zomwe.